Kupalasa Njinga Pagulu M'misewu ya M'mbali mwa Nyanja Yamchere: Mafunso ndi Mayankho

Nthawi iliyonse tikayamba kukonzekera ulendo wa masiku angapo wa pa njinga m'mbali mwa nyanja, mafunso amene amabwera amakhala omwewo. Ena amafunsa ali ndi mantha, ena ali ndi chidwi, ndipo ena safunsa n'komwe, amangotulukira tsiku lonyamuka atakwera njinga yosayenera ulendowo. Safunsa anadya phula. Pano ndasonkhanitsa mafunso amene ndimawamva kawirikawiri, ndipo ndayankha monga ndimayankhira munthu titakhala pansi.

Kodi msewu wa m'mbali mwa nyanja si wathyathyathya?

Ayi ndithu, ndipo apa ndi pamene ambiri amanamizika. Amaganiza kuti popeza madzi ndi osalala, msewu wa m'mbali mwake nawonso ndi wosalala. Misewu imene imatchuka ndi kukongola imakongola chifukwa inasemedwa m'matanthwe, pamwamba pa maphompho, pamene phiri lathera m'madzi. Mtsinje uliwonse wothira m'nyanja unakumba chigwa chake. Msewu umatsika kukapeza mlatho, kenako n'kukweranso kukazungulira phiri, ndipo mukangoti ndafika pamwamba, mumaona mtsinje wina uli patsogolo. Zitunda zake si zazitali ngati za m'mapiri akuluakulu, koma n'zambirimbiri, moti miyendo imatha mphamvu mwakachetechete. Walira mvula walira matope: wofuna kuona nyanja ali pamwamba avomere kukwera.

Choncho mukalandira ndondomeko ya ulendo musamangowerenga makilomita. Funsani kuti tsiku limenelo mukwera mamita angati onse pamodzi. Tsiku la makilomita 70 lokhala ndi zitunda zokwana mamita 1,200 limatopetsa kuposa la makilomita 110 la pachidikha.

Ndi misewu iti imene opalasa amaikonda?

Ilipo yambiri, koma ingapo imatchulidwa paliponse. Ku California, m'dziko la America, kuli State Route 1, umene ambiri amangouti Highway 1, wotalika makilomita oposa 1,000. Chigawo chake cha Big Sur, pakati pa Carmel ndi San Simeon, ndi cha makilomita pafupifupi 145, ndipo chinatsegulidwa mu 1937. Kumeneko n'kumene kuli mlatho wa Bixby Creek wa mu 1932, umene umaoneka m'zithunzi zambiri.

Ku Australia kuli Great Ocean Road, wa makilomita pafupifupi 240 kuchokera ku Torquay kukafika ku Allansford. Anaumanga ndi asilikali obwerako ku nkhondo yoyamba ya dziko lonse, kuyambira mu 1919 mpaka 1932, kuti ukhale chikumbutso cha anzawo amene anafera kunkhondoko. Ntchito yambiri anaigwira ndi mapiki ndi mafosholo, ndipo munthu ukamapalasa pansi pa matanthwe amene anawaswawo, umamva kulemera kwa ntchito imeneyo. Ku South Africa kuli Chapman's Peak Drive, pakati pa Hout Bay ndi Noordhoek. Ndi wamfupi, makilomita 9 okha, koma uli ndi makona 114, ndipo unatsegulidwa mu 1922. Ku Ireland kuli Wild Atlantic Way, njira ya makilomita pafupifupi 2,500 imene inakhazikitsidwa mu 2014 polumikiza misewu yambiri ya kumadzulo kwa dzikolo. Ku Norway kuli Atlanterhavsveien, wa makilomita 8 okha, umene umadumpha kuchoka pa kachilumba kupita pa kena ndi milatho.

Maganizo anga ndi akuti gulu limene likuyamba kumene lisathamangire msewu wotchuka kwambiri. Kutchukako n'komwe kumabweretsa magalimoto a alendo, ndipo kamsewu kosadziwika ka m'mbali mwa nyanja yomweyo kangakupatseni mafunde omwewo popanda basi kukupumirani m'khosi.

Tiyambire mbali iti ya msewu?

Funso limeneli ndi lalikulu kuposa momwe limamvekera. Pali zinthu ziwiri zoti muziyang'ane: kumene mphepo imachokera m'nyengo imene mukupitayo, ndi mbali ya msewu imene magalimoto amayenda m'dzikolo.

Ku California zonse ziwiri zimagwirizana. M'chilimwe mphepo imakonda kuchokera kumpoto chakumadzulo, ndipo magalimoto amayenda kumanja. Wopalasa kuchokera kumpoto kulowera kumwera amakhala ndi mphepo kumsana, komanso amakhala mbali ya kunyanja. N'chifukwa chake ambiri amanyamukira ku San Francisco kulowera ku Los Angeles osati kubwerera. Pa Great Ocean Road ziwirizi zimakangana. Kumeneko magalimoto amayenda kumanzere, ndiye wochokera ku Torquay kulowera kumadzulo ndi amene amakhala kumbali ya nyanja, koma mphepo kawirikawiri imachokera kumadzulo komweko, ndiye amakumana nayo maso ndi maso.

Zikakangana chonchi, ine ndimasankha mphepo ya kumsana ngati m'gulu muli ofooka. Nyanja mudzaiona mukaima, koma munthu amene walimbana ndi mphepo maola asanu saonanso kanthu, maso ake amangokhala pa tayala la kutsogolo. Kumbukiraninso kuti mbali ya kunyanja ndiyo mbali ya phompho. Alipo anthu amene amachita chizumbazumba akaona kuya kwa pansi, ndipo ndi bwino kuwafunsa muli kunyumba osati mutafika pa thanthwe.

N'chifukwa chiyani mumalimbikira zonyamuka m'mamawa?

Chifukwa cha mphepo yomweyo. Masana nthaka imatentha msanga kuposa madzi. Mpweya wa pamtunda ukatentha umakwera m'mwamba, ndipo wozizira wa panyanja umathamangira kudzalowa m'malo mwake. Mphepo imeneyi imayamba dzuwa likakwera ndipo imakula kwambiri masana ndi chakumadzulo. M'mawa kumakhala bata, ndiponso magalimoto a alendo amakhala asanadzuke.

Mphepo si yoti muipeputse. Liwiro limene mukugundana nalo ndi mpweya likawirikiza kawiri, kukankha kwa mpweyawo kumawirikiza kanayi. Ngati mukuyenda makilomita 20 pa ola ndipo mphepo ya makilomita 20 pa ola ikubwera kutsogolo, thupi lanu likukankhidwa kanayi kuposa pa tsiku la bata. Yoopsa kwambiri ndi ya m'mbali, imene imakudzidzimutsani pa mlatho kapena pamene thanthwe limene limakutchingirani latha. Imagwira tayala la kutsogolo ngati munthu wakoka handulo. Mpikisano waukulu wa Cape Town Cycle Tour, wa makilomita 109, umene unayamba mu 1978, unalephereka mu 2017 makamaka chifukwa mphepo inkagwetsa anthu ndi njinga zawo pamalo ponyamukira. Ngati okonza mpikisano wa anthu masauzande anatha kunena kuti lero ayi, gulu la anthu khumi lingathenso kutero.

Ndiyenera kukhala wamphamvu bwanji?

Simufunika kukhala katswiri wa mipikisano. Muyeso wanga ndi uwu: ngati mungathe kupalasa makilomita 60 kapena 70 Loweruka, n'kudzukanso Lamlungu kupalasa ena otero popanda kudana ndi njinga, ulendo wa mlungu umodzi muutha. Tsiku limodzi lalitali aliyense amalikwanitsa ndi khama. Chimene chimasiyanitsa anthu ndi tsiku lachitatu.

Yambani kukonzekera miyezi iwiri kapena itatu ulendo usanafike, muziwonjezera mtunda pang'onopang'ono, ndipo muzifunafuna zitunda dala m'malo mozithawa. Chimene chimayamba kudandaula si miyendo ayi, koma pokhalira, khosi ndi manja, ndipo zimenezi zimazolowera ndi maola amene mwakhala pa chishalo basi. Mlungu womaliza pumulani. Ngati muli ndi vuto la mtima, la shuga kapena la kuthamanga kwa magazi, kaonaneni ndi dokotala kaye, ndipo mtsogoleri wa gulu adziwe.

Njinga yake ikhale yotani?

Ikhale yokukwanani, ya mabuleki abwino, ndi ya magiya opepuka. Pa zitatuzi, magiya ndi amene anthu amawanyalanyaza. Giya yanu yopepukitsitsa ikhale yoti mukazungulitsa mapedulo kamodzi, tayala lizungulirenso kamodzi kapena kuchepera apo. Pa chitunda cha khumi cha tsikulo mudzaithokoza giya imeneyo. Matayala a mamilimita 32 mpaka 38 m'lifupi amameza mabampu ndipo amagwira bwino pamene pali mchenga kusiyana ndi opyapyala a mpikisano.

Kutalika kwa chishalo kuyeseni motere: khalani pa njinga, ikani chidendene pa pedulo ili pansi penipeni, mwendo uwongoke popanda kupendeketsa chiuno. Musagule chishalo chatsopano kapena nsapato zatsopano kutatsala masiku ochepa. Njinga ipite kwa okonza kutatsala milungu iwiri, kuti muiyese ndi kubwereranso nayo ngati pali chimene sichinakhale bwino.

Nanga njinga ya batire ndi yololedwa?

M'magulu ambiri inde, ndipo ine ndimaikonda chifukwa imalola agogo kuyenda ndi adzukulu awo, kapena mwamuna ndi mkazi osiyana mphamvu kufika pamwamba limodzi. M'mayiko a European Union injini ya njinga yotere ndi ya mawati 250 ndipo imasiya kuthandiza liwiro likafika makilomita 25 pa ola. Zitunda ndi mphepo ya kutsogolo zimadya batire msanga kuposa momwe wogulitsa ananenera, ndiye onetsetsani kuti usiku uliwonse pali potchajira. Makampani a ndege salola batire yoposa 160 Wh (muyeso wa mphamvu imene batire imasunga) m'katundu wa okwera, ndipo za njinga zambiri zimaposa pamenepo kutali, choncho wopita pa ndege achite kubwereka njinga kumene akupitako. Pempho langa kwa wokwera ya batire ndi limodzi: musakhale inu wopereka liwiro pa chitunda.

Gulu likhale la anthu angati, ndipo liziyenda bwanji kuti wina asasowe?

Anthu 8 mpaka 12 amakwanira kuyenda pamodzi. Mukapitirira apo, gawanikani magulu ang'onoang'ono osiyana mphindi zingapo, kuti galimoto ikadutsa gulu limodzi ipeze polowa isanadutse lina. Gulu lililonse likhale ndi wotsogolera amene palibe womudutsa, ndi wotsekera kumbuyo amene sasiya munthu aliyense kumbuyo kwake. Wotsekerayu akhale wamphamvu ndi wodziwa kukonza njinga, chifukwa mavuto onse a tsikulo amathera kwa iye.

Pa mphambano pali lamulo limene ndinaliphunzira movutikira. Tsiku lina kuli chifunga tinakhota kusiya msewu waukulu kulowera kamsewu ka kugombe. Aliyense ankayesa kuti wa kumbuyo kwake wamuona akukhota. Mayi wina wa m'gulu lathu, amene tcheni chinali chitamugwera, anachibwezera n'kupitirira molunjika, akuthamangira anthu amene sanali kutsogolo kwake. Tinamupeza patapita nthawi yoposa ola, atakhala pa chitsulo cha m'mbali mwa msewu, manja akuda bii ndi girisi, foni ilibe netiweki, milomo ikunjenjemera ndi kuzizira. Sanakalipe. Anangoti, "Ndimayesa mwandisiya dala chifukwa ndikukuchedwetsani." Mawu amenewo sanandichoke. Kuyambira pamenepo, pa mphambano iliyonse munthu wachiwiri kuchokera kutsogolo amaima ndi kulozera njira, ndipo sachoka mpaka wotsekera kumbuyo atafika.

Palinso cholakwa china chimene magulu amachita osadziwa kuti akulakwa. Amphamvu amafika pamwamba pa chitunda, amapuma, amamwa madzi, amajambula zithunzi. Womalizira akangofika ali wefuwefu, iwo amati tiyeni. Ndiye kuti amene anafunika kupuma kwambiri ndi amene sanapume ngakhale pang'ono, ndipo pa chitunda chotsatira adzatsalanso kutali kuposa poyamba. Nthawi yopuma iyambe kuwerengedwa womalizira akaponda pansi. Akamwa madzi, mpweya wabwerera m'chifuwa, iyeyo ndi amene anene kuti tizipita. Kawirikawiri ndimamuika iye kutsogolo ponyamuka, chifukwa munthu amapalasa bwino akamaona msewu kusiyana ndi akamaona misana ya anzake ikutalikira.

Kodi kupalasa mondondozana kumathandizadi?

Kumathandiza kwambiri. Wa kutsogolo amang'amba mpweya, ndipo wobisala kumbuyo kwake amapulumutsa mphamvu pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi, nthawi zina kuposa. Amphamvu akamasinthana kutsogolo, ofooka ali pakati, gulu lonse limadutsa mphepo imene munthu mmodzi ikanamugonjetsa.

Koma kuyandikana kuli ndi malamulo ake. Tayala lanu la kutsogolo lisalowe m'mbali mwa tayala la kumbuyo la mnzanu, chifukwa akangokhotera pang'ono, wogwa ndi inu. Musamange mabuleki mwadzidzidzi. Musayang'ane tayala la mnzanu, yang'anani kupyola phewa lake. Wa kutsogolo ndiye maso a onse, choncho aziloza ndi kufuula: "Dzenje!", "Mchenga!", "Ndikuima!" Wa kumbuyo ndiye makutu a onse: "Galimoto kumbuyo!" Mawuwo aziyenda kuchoka kwa wina kupita kwa wina, chifukwa mafunde ndi mphepo zimameza mawu. Amene sanazolowere asiye mpata wokwana njinga imodzi. Pa mtsetse ndi pa msewu wonyowa, kubisalirana kuthe, aliyense atalikirane.

Magalimoto ndi amene amandiopsa. Tidzatetezeka bwanji?

Mantha amenewa ndi oyenera. Misewu yosemedwa m'phiri imakhala yopapatiza, ndipo malo ambiri ilibe mpata m'mbali. Oyendetsa ambiri ndi alendo: galimoto ndi yobwereka, msewu ndi wachilendo, maso ali kunyanja, ndipo ena kwawo amayendetsa mbali ina ya msewu. Palinso magalimoto akuluakulu ogonamo, amene magalasi ake a m'mbali amatulukira kunja kuposa momwe woyendetsa akuganizira.

Mayiko ambiri anaika malamulo a mpata umene galimoto iyenera kusiya podutsa njinga. Ku California ndi mafiti atatu, pafupifupi mita imodzi, kuyambira mu 2014. M'chigawo cha Victoria ku Australia, kuyambira mu 2021, ndi mita imodzi pamene liwiro lololedwa silipitirira makilomita 60 pa ola, ndi mita imodzi ndi theka pamene lipitirira. Za chipewa choteteza mutu, ku Australia ndi ku South Africa n'chokakamiza kwa aliyense wopalasa pamsewu, pamene ku California lamulo limakakamiza osakwana zaka 18 pa njinga wamba. M'gulu limene ine ndikutsogolera, aliyense amavala, lamulo linene kapena lisanene.

Lamulo silingaimitse galimoto, ndiye chitani mbali yanu. Pamalo opapatiza yendani mzere umodzi. Musamamatire m'mphepete penipeni mwa phula, pamene pamadzaza miyala ndi magalasi osweka. Siyani mpata woti muthawire. Magalimoto akaunjikana kumbuyo kwanu, patukani pamalo oyamba otakasuka kuti adutse, chifukwa woyendetsa wotopa ndi kudikira ndi amene amadutsira pa kona. Ngati n'kotheka, zigawo zotchuka zidutseni mkati mwa mlungu.

Ndingajambule zithunzi ndikupalasa?

Ayi. Njinga imapita kumene maso akuyang'ana. Mukatembenuzira mutu kunyanja, manja amatsatira pang'onopang'ono inu osamva, ndipo mumadzidzimuka tayala lili pa miyala ya m'mphepete. Kukongola kumene mwadzera ndi komwe kumagwetsa anthu m'misewu imeneyi. Mukafuna kuona, nenani mokweza kuti mukuima, tulukani mumsewu ndi njinga yomwe, ndipo onani mpaka mtima ukhute. Mtsogoleri wabwino amaikiratu malo oima ambiri kuti wina asamabe zithunzi ali pa liwiro. Zomvera nyimbo za m'makutu nazo zikhale m'chikwama.

Pa mtsetse wokhotakhota ndizitani?

Chepetsani liwiro musanalowe pa kona, osati muli mkati mwake. Buleki ya kutsogolo ndiyo imaimitsa njinga kwambiri, choncho iphunzireni kuigwira mofatsa pamodzi ndi ya kumbuyo, thupi mutalikankhira kumbuyo pang'ono. Pokhota, pedulo ya kunja kwa kona ikhale pansi ndipo muiponde mwamphamvu. M'makona a m'mbali mwa nyanja mumabisala mchenga wouluzika ndi mphepo, timiyala togwa kuthanthwe, ndi madzi otsika kuphiri. Ngati mabuleki anu ndi ogwira pa limu, musawakhwekhwereze mtsetse wonse, chifukwa limu imatentha mpaka chubu kuphulika. Gwirani, siyani, gwiraninso. Musadutse mnzanu pa kona, ndipo musayese kufanana liwiro ndi wina. Nonse mukakumana kumunsi kwa mtsetse.

Nanga chifunga ndi misewu yoboola phiri?

Kumene madzi a m'nyanja ndi ozizira, mpweya wachinyontho ukadutsa pamwamba pake umasanduka chifunga, ndipo mphepo imachikankhira pamsewu. Ku California zimenezi zimachitika kwambiri m'chilimwe, nthawi imene mlendo amayembekezera dzuwa. Nyale yofiira ya kumbuyo ndi yoyera ya kutsogolo ziziyaka ngakhale masana. Musanalowe mumsewu woboola phiri imani, vulani magalasi a dzuwa, yatsani nyale, ndipo lowani pamodzi mumzere umodzi. Phokoso la galimoto m'katimo limamveka ngati likuchokera mbali zonse. Gwirani handulo, yang'anani kutsogolo. Ku Norway misewu yambiri yotere ndi yoletsedwa kwa njinga, makamaka yodutsa pansi pa nyanja, ndiye fufuziranitu kuti mudzakwera basi kapena boti pati.

Ndivale chiyani?

Kabudula wa opalasa wokhala ndi kansiponji mkati, amene amavalidwa popanda china chamkati, ndipo azichapidwa tsiku lililonse kuti pasabuke zilonda. Mutenge awiri. Pamwamba valani zopyapyala zingapo zosanjikiza m'malo mwa chimodzi chokhuthala, chifukwa pa tsiku limodzi mudzatuluka thukuta pokwera n'kunjenjemera potsika. Jekete yopepuka yotchinga mphepo ikhale m'thumba, ndipo muziivala muli pamwamba musanayambe kutsika. Magolovesi amateteza zikhatho mukagwa. Mafuta oteteza khungu ku dzuwa ndi a aliyense, wakuda ndi woyera yemwe, ngakhale kuli mitambo: pakhosi, pamphuno, pamakutu ndi pamilomo.

Ndizidya ndi kumwa motani panjira?

Idyani njala isanabwere, imwani ludzu lisanabwere. Pa ulendo wa maola ambiri thupi limafuna magalamu 30 mpaka 60 a chakudya chopatsa mphamvu pa ola lililonse, ndi madzi pafupifupi theka la lita kapena kuposa kukatentha. Mphepo ya kunyanja imaumitsa thukuta lisanaoneke, ndiye munthu amayesa kuti sakutuluka thukuta, koma madzulo apeza mizere yoyera ya mchere pa malaya ndi pa zingwe za chipewa. Tengani mabotolo awiri ndipo muziwadzaza paliponse pamene mwapeza madzi, chifukwa zigawo zokongola kwambiri ndi zomwenso zilibe nyumba kapena sitolo kwa makilomita ambiri.

Muziyang'anirana. Munthu amene mphamvu zamuthera sanena. Amangokhala chete, amayankha mwaukali pa kanthu kakang'ono, njinga yake imayamba kuyenda mokhotakhota. Mukaona zimenezo imani nonse, mumupatse chotsekemera, ndipo mudikire mphindi khumi kapena kuposa.

Kodi mchere umawononga njinga? Nanga tayala likaphwa?

Mpweya wa kunyanja umanyamula mchere, ndipo tcheni chimene chinali chonyezimira Lolemba chingayambe dzimbiri Lachitatu. Madzulo aliwonse chipukuteni ndi kansanza, dontheza oyilo pang'ono pa mfundo iliyonse, kenako pukutaninso wotsalayo kuti asakoke mchenga. Njinga isalowe pa mchenga wa kugombe kapena m'madzi a mchere; ikatero itsukeni ndi madzi wamba tsiku lomwelo.

Aliyense anyamule machubu awiri, pampu, zotsegulira tayala, zigamba ndi sulushoni, ndipo aphunzire kusintha chubu ali kunyumba. Tayala likaphwa chokani pamsewu, pezani potchingidwa ndi mphepo, ndipo musanaike chubu chatsopano yendetsani chala pang'onopang'ono m'kati mwa tayala monsemo. Nthawi zambiri mupeza kawaya kapena kagalasi kakadali momwemo, kakudikira chubu chachiwiri.

Bwanji msewu ukatsekedwa?

Zimachitika, chifukwa phiri limene linadulidwa kuti pakhale msewu silisiya kugumuka. Mu Meyi 2017 phiri linagumukira pa Highway 1 pamalo otchedwa Mud Creek, ndipo msewu unatsegulidwanso mu Julayi 2018. Chaka chomwecho cha 2017 mlatho wa Pfeiffer Canyon unawonongeka ndi kusuntha kwa nthaka mpaka anachita kumanga wina. Chapman's Peak Drive unatsekedwa mu 2000 chifukwa cha miyala yogwa, n'kudzatsegulidwanso kumapeto kwa 2003. Popeza mbali ina kuli nyanja ndipo mbali ina kuli phiri, njira yolambalala imatha kukhala ya tsiku lathunthu kapena kuposa. Onani zidziwitso za bungwe loyang'anira misewu, monga Caltrans ku California, musanalipire malo ogona komanso usiku uliwonse muli paulendo. Musazembe chotchinga poganiza kuti njinga idutsa. Ndondomeko yanu ikhale ndi tsiku limodzi lopanda ntchito, la mphepo, la mvula kapena la msewu wotsekedwa.

Tikhale ndi galimoto yotsatira? Si zamanyazi kukweramo?

Ngati gulu lingakwanitse, ikhale nayo. Imanyamula katundu, madzi ndi zipangizo, ndipo njinga yopanda katundu imakwera zitunda mosavuta ndiponso mphepo ya m'mbali siigwira kwambiri. Galimotoyo isamayende pang'onopang'ono kumbuyo kwa gulu pa msewu wopapatiza. Izipita kutsogolo n'kukadikira pamalo otakasuka.

Za manyazi, palibe. Bondo likayamba kupweteka pa tsiku lachiwiri, kukwera galimoto masana amenewo ndi kumene kungakulolezeni kupalasa masiku anayi otsalawo. Mtsogoleri anene zimenezi poyera usiku woyamba, ndipo zimathandiza kwambiri mmodzi wa amphamvu akakwerako tsiku lina, kuti ena aone kuti mpandowo ndi wa aliyense. Nkhani ya ndalama nayo, za mafuta, za ogona ndi za amene wasiya ulendo pakati, muimalize musananyamuke, muilembe.

Wina akagwa tichite chiyani?

Choyamba tetezani malowo: mmodzi athamangire kumbuyo, wina kutsogolo, kukachenjeza magalimoto asanafike pa kona. Wovulala akamadandaula khosi kapena msana, kapena akakomoka, musamusunthe pokhapokha ngati pamene wagonapo pali ngozi ina. Nambala ya thandizo ladzidzidzi aliyense aidziwe pamtima: 911 ku America, 000 ku Australia, 112 ku Ulaya. Pansi pa maphompho netiweki imasowa, ndiye mtsogoleri adziwiretu malo amene imapezeka, ndipo mapu akhale osungidwa mufoni kapena a papepala. Aliyense anyamule kakhadi kolembapo dzina, mankhwala amene amamwa, ndi woti aimbiridwe. Amene wamenyetsa mutu asapalasenso tsiku limenelo ngakhale akunena kuti ali bwino, apite akaonedwe kuchipatala, ndipo chipewa chimene chamenyetsedwa chitayidwe ngakhale chikuoneka chabwino kunja. Opita kudziko lina agule inshulansi yaulendo ndipo awerenge ngati ikuphatikiza kupalasa njinga kwa masiku ambiri.

Tikafika kumapeto, njinga ibwerera bwanji?

Ulendo wa m'mbali mwa nyanja umayambira kwina n'kuthera kwina, ndiye funso limeneli liyankhidwe musanagule tikiti iliyonse. Sitima zina zapamtunda zimalola njinga koma malo ake ndi ochepa ndipo amafunika kusungitsiratu, moti gulu la anthu khumi silingangotulukira pa siteshoni. Mabasi ambiri ndi ndege zimafuna njinga ikhale m'katoni kapena m'chikwama chake. Masitolo okonza njinga amakhala ndi makatoni amene njinga zatsopano zinabweramo. Imbiranitu foni kutatsala milungu ingapo kuti akusungireni okwanira gulu lonse.

Polongedza mumachotsa mapedulo ndi tayala la kutsogolo, mumatembenuza handulo, ndipo mumatsitsa chishalo mutamata kaye katepi pa chitsulo chake kuti mudzadziwe pamene chinali. Pedulo ya kumanzere imamasuka mozungulira chobwerera, mosiyana ndi ya kumanja, ndipo ikatha mlungu mumpweya wa mchere imatha kukakamira zolimba. Imasuleni muli kunyumba ulendo usanayambe, muipake girisi, muimangenso, ndipo sipanala yake ikhale m'chikwama cha wotsekera kumbuyo.